Mayi Lula ndi Mapiritsi a Malungo

Akazi anga analowa ntchito m'chipatala ndi ndowa kudzanja lamanja, mopu kumanzere. Sukulu anailekera panjira bambo awo atamwalira, ndipo pomwe ine ndinkawafunsira anali atakolopa kale makonde a chipatalacho zaka zinayi. Ine ndine wometa. Kachipinda kanga kali mumsewu wopita kokwerera mabasi, pakati pa wosoka nsapato ndi wokonza mafoni. Muli mpando umodzi wotembenuka, galasi lothetheka pakona, ndi benchi yokwana anthu anayi ngati ali oonda. Takhala m'banja zaka makumi atatu ndi chimodzi, ana awiri takwatitsa, ndipo mpaka chaka cha mliri ndinkayesa kuti akazi angawo ndikuwadziwa.

Chimodzi mwa zipinda zomwe ankakolopa chinali kumapeto kwa khonde, mmene munali makina ojambula kugunda kwa mtima. Munthu amagona pabedi, amamumata timawaya pachifuwa, m'mikono ndi m'akakolo, kenako makinawo amalavula pepala lalitali lofiirira, lodzaza timabokosi ting'onoting'ono, ndipo pamwamba pa timabokosito pamayenda mzere wokwera ndi kutsika. Mapepala osafunika ankawaponya m'bini. Akazi anga m'malo mokawataya ankawawongola, nkuwaika m'chikwama, nkumadzawayang'ana kunyumba atakhala pakhomo. Ndinkawaseka.

"Amayi, kalata imeneyo wakulemberani ndani, yosatha kuiwerenga?"

"Ndikungofuna kudziwa chifukwa chake sizifanana," ankayankha osadzutsa mutu.

Tsiku lina dokotala wa mtima, nkhalamba yaukali yomwe anamwino ankaizemba pakhonde, anawapeza ataima pafupi ndi bini, mopu atatsamiritsa kukhoma, mapepala awiri ali m'manja. Anawafunsa chomwe akuona. Akazi anga, mantha atawagwira, anati pepala ili ndi lija la dzulo ndi a munthu mmodzi, koma la leroli patalika apa. Nkhalambayo inatenga mapepalawo, inayang'ana, kenako inawayang'ana iwowo nthawi yaitali. Inatulutsa lula ya pulasitiki m'thumba la pachifuwa nkuwapatsa. Kuyambira pamenepo inkawaitana nthawi ya nkhomaliro kuwaphunzitsa, mokalipa kwambiri, moti masiku ena ankabwera kunyumba maso ali psuu. Patatha zaka ziwiri analemba mayeso, anakhoza, ndipo makina aja anakhala m'manja mwawo. Lula ija sinachoke m'thumba mwawo, ndiye chipatala chonse chinayamba kuwatchula kuti Mayi Lula.

Anayesapo kundifotokozera. Anati mtima ukagunda kamodzi, mzere uja umalumpha ngati munga, kenako pamatsatira kaphiri. Kuchokera pamunga kukafika pomwe kaphiri kathera ndiyo nthawi yomwe mtima umadzikonzekeretsa kuti ugundenso. Kwa munthu wabwinobwino pamakhala timabokosi khumi, mwina khumi ndi kamodzi. Pakafika khumi ndi titatu, mtima ukhoza kupunthwa, munthu nkugwa osadwala nkomwe. Ine ndinkangogwedeza mutu, maganizo ali kumpira.

Mliri utafika, pabenchi panga panayamba kukhala anthu awiri okha, wina uko wina uko. Ndevu sungamete munthu atavala masiki, ndiye ambiri anangozisiya kuti zikule. Koma nkhani sizinachepe, chifukwa nkhani zonse za m'tauni zimadzera kwa wometa. Amene ankabwera nazo kwambiri ndi bambo wina wopuma ntchito kupositi, yemwe tinkamutchula kuti aNyuzi. Mutu wawo ndi dazi lokhalokha, koma ankabwera tsiku lililonse.

Ndi iwo anabwera ndi nkhani ya mapiritsi a malungo, akale owawa aja, omwe ukamwa thupi limayabwa usiku ndi usana. Anationetsa pafoni. Anati akatswiri ena anathira mankhwalawo pa kachilombo ka mliriwo m'kambale kagalasi, kachilomboko nkufa. Anati msuweni wawo anadwala, anamwa, pano akutha kukwera njinga. Pasanathe milungu iwiri mapiritsiwo anasowa m'masitolo onse a mankhwala.

Nthawi yomweyo chipatala cha akazi anga chinalowa nawo m'kafukufuku, pamodzi ndi zipatala zina zambiri za m'mayiko ena, wofuna kudziwa ngati mapiritsiwo amathandizadi. Wodwala akavomera nkusaina, kompyuta inkachita maere. Ena ankalandira chisamaliro chanthawi zonse pamodzi ndi mapiritsi, ena chisamaliro chokha. Madokotala ankadziwa kuyambira kale kuti mankhwala amenewa amatha kutalikitsa kampata kaja ka munga ndi kaphiri, ndiye panafunika munthu wojambula mtima wa wodwala aliyense m'mawa asanamwe. Anzawo awiri a akazi anga anapempha kuti asapite, wina chifukwa cha mphumu, wina anali woyembekezera. Akazi anga anali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu. Anapita.

Anasamukira kuchipinda chomwe ankagona ana. Mbale yawo ndi kapu yawo anaziika pazokha. Akafika madzulo ankadzera kuseri, kusamba kaye, ndiye nkudzakhala pampando wakukhomo, ine ndili mkati, tikucheza ngati alendo. Ndi pamenepo pomwe tinakanganirana.

"Ndiye mankhwala alipo, inu mukuchita maere?" ndinawafunsa. "Wina apatsidwe, wina amanidwe, mukuyang'ana?"

"Tadziwa bwanji kuti ndi mankhwala a matendawa, abambo?"

"Msuweni wa aNyuzi anachira."

"M'wodi mwathu ambiri amachira, amwe asamwe. Amene wamwa nkuchira amathokoza mapiritsi. Amene wamwa nkumwalira sabwera kudzameta kuti akuuzeni."

Ndinati iwo aphunzira kwambiri mpaka ataya chifundo. Anatikita msana wa mphuno pomwe masiki anawasupula.

"Ine ndikufuna agwire ntchito kuposa inuyo," anatero. "Ndine ndimakankha makina m'mawa nkupeza bedi layalidwa, munthu ndinamujambula dzulo palibe."

Mawu amenewo anandilasa, koma sanandisinthe. Ndinali ndi mantha, ndipo mantha anga anali akuti matendawo abwera m'nyumba ndi iwowo. ANyuzi atandipatsa mapiritsi okulunga m'pepala la nyuzi, ndinalandira. Anati awiri m'mawa, awiri madzulo, kuti kachilomboko kakabwera kapeze pakhomo pali agalu. Ndinawabisa m'bokosi la malumo. Sindinaganize nkomwe za mapiritsi anga a kuthamanga kwa magazi, okodzetsa aja, omwe ndinali nditamwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Tsiku lachitatu thupi linayamba kuyabwa, ndinati ndiye akugwira ntchito. Tsiku lachisanu makutu anayamba kulira. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, dzuwa lili paliwombo, ndinkameta wosoka nsapato, mnansi wanga uja. Ndinali nditamaliza mbali imodzi. Ndinamva ngati m'chifuwa mwalowa mbalame, galasi linada, basi. Ndinatsitsimuka ndili pansi, tsitsi la eni ake lili m'kamwa mwanga, wosoka nsapato akundikupiza ndi katoni uku akulankhula pafoni. Iyeyo anayenda masiku atatu mutu uli wometa theka, ndipo mpaka lero amati ndinachita dala.

Kuchipatala anandigoneka m'chipinda chija cha kumapeto kwa khonde. Zaka zonsezo ndinali ndisanalowemo akazi anga ali pantchito, kupatula kamodzi kalekale pomwe anandijambula mongoyesa makina atsopano. Akazi angawo analowa atavala chovala cha pulasitiki, kumaso kukuoneka maso okha. Sanandikalipire. Anandimasula malaya, natenga lumo nkuyamba kundimeta cheya cha pachifuwa kuti timawaya tigwire. Lumolo ankaligwira molakwika, koma ndinaona kuti si tsiku lonenera.

"Musalankhule, musagwedezeke," anatero.

Pepala linatuluka. Analing'amba, analiyala patebulo pansi pa zenera, anatulutsa lula. Ndinkaona masiki akugwedezeka pomwe milomo inkawerenga. Anabwereza. Kenako anatembenuka.

"Mwamwa chiyani?"

Ndinayamba za tiyi wa m'mawa.

"Abambo. Mtima uwu ndimaudziwa, ndi wa timabokosi khumi. Apa pali khumi ndi tinayi. Mwamwa chiyani, angati, kuyambira liti?"

Ndinaulula zonse. Anazilemba pakona ya pepalalo ndi dzanja lokhazikika, anaitana dokotala, anamuonetsa ndi nsonga ya lula, anatchula ndi mapiritsi anga okodzetsa, nati amatsitsa mchere wina m'magazi womwe mtima umaufuna. Dokotala atangotuluka ndi pepala lija, akazi anga anayamba kundimatula timawaya tija pachifuwa.

Ndinagona masiku anayi ndi diripi pamkono. M'mawa uliwonse ankabwera ndi makina awo asanalowe kuwodi ya mliri. Khumi ndi titatu. Khumi ndi tiwiri. Khumi ndi kamodzi ndi theka. Bedi langa linali pafupi ndi chitseko chagalasi, ndiye ndinkawaona akamachoka: kamunthu kafupi, konenepa pang'ono, kotsimphina mwendo wamanzere, kakukankha tebulo la matayala olira, kulowa pakhomo lomwe anthu ena onse ankalilambalala. Pa zonse zomwe ndinachita, ananena chimodzi chokha, tsiku lotuluka, akundimanga mabatani.

"Mukanandifunsa."

Patapita miyezi iwiri, m'kachipinda kanga munalowa bambo wamtali, ndevu mpaka pachifuwa, malaya akumukhwepa. Anakhala pampando nkupumira kaye. Anati ndi dalaivala wa basi, wangochira kumene ku mliri, ndipo akufuna nkhope yake yakale. Nditamupaka sopo anayamba kufotokoza, monga amachitira anthu onse akakhala pampando umenewu.

Anati maere anamugwera kuti amwe mapiritsi, ndipo anasangalala, poti ankayesa kuti wapulumuka. Tsiku lachinayi m'mawa kunabwera mayi wa makina kudzamujambula monga masiku onse. Makinawo amalemba okha nambala pamwamba pa pepala, ndipo nambalayo inati zonse zili bwino. Dokotala wachinyamata, yemwe anali atayenda wodi yonse miyendo itatupa, anaona nambalayo nkusaina. Namwino anali ataima kale ndi kakapu ka mapiritsi ndi madzi.

"Ndiye mayi uja anati, dikirani kaye," anatero dalaivalayo. "Mawu ake apansipansi, koma namwino anaima. Anayala pepala pazenera, anatulutsa kalula ngati ka ana a sukulu. Dokotala akuti, mayi, makina anena kale. Iye akuti, adokotala, makinawa asokonezeka, kaphiri aka kali ndi mchira. Iwo alekera apa, koma kathera apa. Taonani nokha."

Lumo langa linali litaima m'malere.

"Dokotala anayang'ana, anawerenga ndi cholembera, nkutenga kakapu kaja m'manja mwa namwino. Anandisamutsa, anandiika pafupi ndi tebulo la anamwino, mawaya pachifuwa, diripi pamkono. Ine ndinakwiya, achimwene. Ndinati mayi ameneyu wandilanda mankhwala anga. Masana omwewo ndikumwa madzi, ndinangoona mdima. Akuti mtima unapenga, anachita kundigunda ndi magetsi pachifuwa kawiri. Ndikanakhala pabedi lakale lija, kumapeto kwa wodi, akanandipeza nditazizira."

Anati nkhope ya mayiyo saidziwa, anangoona maso. Anafunsa dzina, anamwino anangoti ndi Mayi Lula.

Ndinapukuta lumo pathaulo nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira. Ndinkaganiza za tsiku limenelo, kuti linali liti, kuti anafika madzulo nkukhala pampando wakukhomo uja, mwina ine ndikuwadandaulira za makasitomala ochepa, iwo nkumangomvetsera.

"Amenewo ndi akazi anga," ndinatero.

Dalaivalayo anandiyang'ana pagalasi. Anayang'ana benchi, anayang'ana denga lodontha, anandiyang'ananso ine.

"Inuyo?"

"Ine ndemwe."

Anadzuka sopo ali kumaso, anagwira pamtima nkuwerama pang'ono, poti moni wa m'manja unali woletsedwa. Anakhalanso pansi ndipo ndinamaliza kumumeta.

Madzulo ndinawafunsa akazi anga. Anati za odwala sakambira kunyumba. Kenako anafunsa ngati bamboyo akupuma bwino akamalankhula, komanso ngati akakolo ake sanatupe.

Zotsatira za kafukufuku zinabwera mwezi wotsatira. Tsiku limenelo anaweruka msanga, ndipo m'malo mopita kunyumba anabwera kuntchito kwanga, chinthu chomwe sachita. Pabenchi panali aNyuzi okha. Nditatuluka m'chipatala tinanyanyalitsana, koma tsopano ine ndi aNyuziwo tinali titayambanso kulankhulana, ngakhale za mapiritsi sitinkazikhudza. Akazi anga anakhala kumapeto kwa benchi, chikwama pamiyendo.

"Atiuza lero," anatero. "Sathandiza."

Anafotokoza kuti anawasonkhanitsa pabwalo la chipatala, dokotala wachinyamata uja nkuwerenga. Odwala zikwizikwi, m'zipatala zonse zija. Omwe anamwa ndi omwe sanamwe anamwalira mofanana. Omwe anamwa sanatuluke msanga. Ena mitima inavutika. Kuyambira tsiku lomwelo mapiritsiwo anachotsedwa m'wodi.

Ndinkayesa kuti asweka mtima. Miyezi yonse ija, mphuno yosupuka ija, kugona kwaokha kuja, mapeto ake nkumva kuti ayi. Ndinati pepani, amayi.

"Ndalira pang'ono m'chipinda cha makina," anavomera. "Nanenso ndinali nditayamba kukhulupirira. Ndinali ndi anthu anga asanu omwe ndinkawawerenga mumtima, amene anamwa nkudzuka. Ndikanafunsidwa ine ndekha ndikanati akuthandiza." Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Koma abambo, taganizani. Kwinakwake kutali, dziko lomwe sindidzalipondako, kuli mayi wina ngati ine, akukankha makina ngati anga, m'mawa womwewo. Kwina kulinso wina. Aliyense akungoona mabedi ake okha, palibe amene akanadziwa payekha, ngakhale dokotala wanzeru chotani. Ndiye atenga zonsezo aziika pamodzi, chinthu chomwe diso la munthu silingaone nkuonekera poyera. Mapepala anga mazana asanu ndi limodzi ali mmenemo."

ANyuzi anakhosomola. "Komabe mayi, msuweni wanga anachira."

"Tithokoze kuti anachira, bambo," anayankha mofatsa.

Kenako akazi anga anati chomwe chikuwazunguza kwambiri ndi odwala aja. Munthu akubanika, mpweya uli pamphuno, akumuuza kuti sitikudziwa ngati mankhwalawa akuthandizeni kapena akupwetekeni, ndipo mwina simulandira nkomwe, iye nkutenga cholembera kusaina. Anati mayi wina wokalamba anawauza kuti, lembani mwanawe, ngati sizindithandiza ine zidzathandiza obwera m'mbuyo. Maere anamugwera osamwa, ndipo anamwalira tsiku lachisanu ndi chiwiri.

"Yankho la ayi limeneli anthu alifera," anatero. "Tsopano palibenso amene adzapatsidwe mapiritsiwa pachabe m'wodi mwathu."

Kenako anavula mpango kumutu, nati tsitsi lawakwana, chipewa cha pulasitiki chija chimatentha, ndiwadule lifupike. Pa zaka zonse zomwe takhala limodzi anali asanakhalepo pampando wanga. Ankati wometa amuna sadziwa mutu wa mkazi. Ndinapukuta mpandowo kawiri, ndinawafunditsa nsalu yoyera yomwe ndimasungira akwati, ndinautsitsa kuti mapazi awo afike pansi.

Mitu ndagwira yambiri, ya ana olira, ya akuluakulu a m'maofesi, ngakhale ya maliro. Koma uwu ndinaugwira mwamantha. Kuseri kwa makutu kunali mabala awiri akuda pomwe zingwe za masiki zinkadya. Imvi zinali zitachuluka kuposa mmene ndinkadziwira. Ndinayatsa makina ometera nkuyamba kumbuyo, ndipo ndisanafike pakati ndinamva mutu ukulemera m'dzanja langa. Anali atagona, pakamwa patatseguka pang'ono.

Ndinazimitsa makinawo nkutenga sizasi. Wosoka nsapato anasuzumira pakhomo kuti anene zinazake, aNyuzi anamukwezera chala, iye nkubwerera chonyang'ama. Kunabwera kasitomala wina, anaona, anakhala pabenchi osafunsa kuti zitenga nthawi yanji. Kunja mabasi ankalira, wokonza mafoni ankayesa sipika, koma mkatimo munkangomveka sizasi. ANyuzi anakhala ola lathunthu osatulutsa foni m'thumba.

Akazi anga atadzuka anadziyang'ana pagalasi, anatembenuza mutu uku ndi uku, nati mbali yamanzere ndadula kwambiri. Anali kunena zoona. M'mawa mwake analawira monga mwa masiku onse, poti m'wodi anali atayamba kuyesa mankhwala ena, ndipo odwala omwa mankhwalawo nawonso ankafuna wowajambulira mitima.